Nyenyeswa Zimene Ndinkabisa m'Chakudya cha Mwana Wanga

"Sindidya."

Mawu amenewa ndinawamva m'nyumba mwanga kwa zaka zitatu, m'mawa, masana ndi madzulo. Wonena wake anali mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, mmodzi yekhayo amene ndili naye. Ankakhala patebulo manja atabisa pansi pa ntchafu, nkhope ili ndwii, maso ali pambale ngati muli njoka. Tinachita kumupatsa dzina loti Adona, chifukwa ankasankha zakudya kuposa mkazi wa bwana.

Ine ndimagwira ntchito kubekale. Ndimalawirira m'mawa kukakanda ufa, kudula mitanda, kuiika m'zitini, kudikira kuti ifufume, kenako n'kuilowetsa mu uvuni. Anthu amaima pamzere kudikira buledi wa manja angawa, ena mpaka amayamba kunyema ali pamsewu asanafike kwawo. Koma mwana wobereka ndekha ankamuyang'ana ngati sopo. Manyazi oposa pamenepa alipo?

Kuntchito kwathu tili ndi lamulo lakuti buledi sataya. Wopindika, wopserera m'mbali kapena wogona osagulidwa timagawana antchito n'kupita naye kunyumba. Choncho kwathu buledi sankasowa ngakhale tsiku limodzi. Adona anayamba kumukana ali ndi zaka zisanu. Kenako anakana mabanzi, makaroni, mpaka mabisiketi. Mwana wokana bisiketi munamuonapo inu? Ine ndinati amenewa ndi matama, ndipo matama a mwana amathetsa ndi mayi ake.

Ndiye ndinapeza nzeru. Buledi wotsala uja ndinkamudula, kumuumitsa, n'kumusinja mpaka asanduke nyenyeswa zosalala. Ndinkazisunga m'chitini chachikulu pashelefu yapamwamba kukhitchini. Pokazinga mazira ndinkathiramo masipuni awiri. Mu nyemba ndinkathira atatu kuti msuzi ugwirane. Nsomba ndinkaigubuduza m'nyenyeswa zomwezo ndisanaiponye m'mafuta, nyama yogaya ndinkasakaniza nazo. Chamumtima ndinkati, wakana ndi maso, udya usakudziwa, mayi ako sungawapose nzeru.

Koma zinthu zinangoipiraipira. Mazira okazinga anawasiya. Nyemba anazisiya. Nsomba imene ankaikonda mpaka kunyambita zala anaisiyanso. Pomaliza anatsala ndi zakudya zimene ankasenda yekha basi: nthochi, malalanje, dzira lowiritsa ndi mtedza wa m'makoko. Chilichonse chotuluka mumphika mwanga ankayamba wachinunkhiza, ndipo zimenezi ndi zimene zinkandibaya mtima koposa.

"Ukununkhiza chiyani?" ndinkamukalipira. "Ndine wothira poizoni ine?"

"Ayi, amayi."

"Nanga bwanji sukudya?"

"M'mimba mumandipweteka."

"M'mimba mwako mumadziwa wotchi? Mumapweteka nthawi ya chakudya yokha?"

Bambo ake ndi makaniko. Amakhalira kugogoda zitsulo tsiku lonse, koma phokoso la m'nyumba salifuna. Iwo ankangoti, "Musiyeni mwanayu, akamva njala adya."

"Inu ndi amene mukumusasatitsa!" ndinkawatembenukira. "Mumabwera ndi nthochi m'matumba a ovolosi ngati mukuweta pusi. Mukuganiza kuti sindimaona makoko kuseri kwa chitseko?"

Ndinaika lamulo lakuti palibe kuchoka patebulo mbale isanayere. Mwana ankakhala pamenepo maola awiri, chakudya mpaka kuzizira, mafuta kuuma pamwamba. Sindibisa, nthawi zina ndinkamutsina, nthawi zina ndinkamugwira chibwano n'kumukankhira sipuni m'kamwa. Akameza, sipankapita nthawi, wathamangira kuchimbudzi. Ine ndinkati akuthawa kutsuka mbale.

Achibale nawo ankathira mafuta pamoto. Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anabwera tsiku lina, anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka.

"Alamu, mwanayu mumamupatsa chakudya koma? Mayi wa kubekale, mwana n'kuonda chonchi? Mumugoneke ndi njala masiku awiri muone ngati sadya ndi mbale yomwe."

Ndinaseka nawo, koma mkati ndinali kuwira. Atangochoka, mkwiyo wonsewo unathera pa mwana.

Lachinayi lina magetsi anathima kuntchito ndipo tinaweruka masana. Nyumba yoyandikana ndi yathu mumakhala mayi wina, telala, amene amasokera m'chipinda chakutsogolo. Mwana wanga akaweruka kusukulu ankadikira kumeneko mpaka ine nditabwera. Tsiku limenelo ndinalowa osagogoda. Ndinapeza Adona atakhala pakampando pakati pa zidutswa za nsalu, mbale ya mpunga ndi nyemba ili pamiyendo, akukokota ndi sipuni mpaka mbale kulira.

Nyemba! Nyemba zomwe kwathu ankazikana ngati mankhwala owawa.

"Iwe! Ukutani?"

Sipuni inagwa pansi. Atelala anaimitsa makina n'kuvula magalasi.

"Aneba, mwaweruka msanga lero. Lowani, takulandirani."

"Musandilandire. Mwana ameneyu amadya kuno?"

"Masiku onse. Nthawi zina amapempha kuti ndimuwonjezere."

"Ndiye mwakhala mukundiseka kumbali? Msewu wonse uzidziwa kuti mwana wanga amadya kwa eni chifukwa mayi ake sadziwa kuphika?"

"Sindinauze munthu aliyense. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, aneba, sindingadye iye akuyang'ana. Koma poti mwabwera, khalani pansi ndikuonetseni kanthu. Ndakhala ndikusowa poyambira."

"Sindikhala."

"Chabwino, muone chiimirire."

Anatenga buku limene amalembamo miyeso ya anthu owasokera, anatsegula, n'kuloza ndi chala. "Yunifolomu ya mwanayu ndimasoka ndine chiyambire sukulu. Taonani apa. Chaka chatha ndi chaka chino kutalika kwake n'chimodzimodzi. Mkono wachepa. Koma pamimba pawonjezeka masentimita asanu. Anzake a msinkhu wake ndimawafutukulira madiresi chaka ndi chaka. Uyu ndimabweza m'mapewa n'kufutukula pamimba. Tepi sinama, aneba. Amenewa si matama. Pitani naye kuchipatala."

"Utelala mwausiya liti kuti muyambe udokotala?" ndinatero. Ndinamugwira mwana padzanja n'kumukokera kunyumba, chikwama chake chikukwekwereka pansi.

Madzulo ake ndinaphika dala mpunga ndi nyemba, n'kuthiramo masipuni anga atatu aja monga mwa nthawi zonse. Ndinaika mbale patsogolo pake mwamphamvu mpaka msuzi unadontha patebulo.

"Wadya kwa eni, udyanso pano. Ndipo mbale imeneyi iyere."

Anadya akulira, misozi ikugwera m'mbale momwemo. Anamaliza yonse. Ine ndinayang'ana bambo ake monyada, ngati ndapambana mlandu. Nditamaliza kutsuka ziwiya ndinamupeza atadzipinda pampando, mimba itatupa, ili gwa. Asanagone anapita kuchimbudzi kanayi. M'mawa ndinamudzutsa, n'kumuuza kuti zabodzazo asiye, sukulu apita.

Nthawi itangokwana teni koloko, ndikutulutsa mathireyi mu uvuni, mnzanga anandikodola kuti pakhomo pali alendo anga. Ndinapeza bambo ake ataima ndi ovolosi yamafuta, mwana atamunyamula paphewa, atamufunditsa jekete lawo. Aphunzitsi anali atawaimbira foni. Mwanayo anachita chizungulire m'kalasi, anagwa, ndipo anadziipitsira anzake onse akuona.

"Vulani epuloniyo," anatero amuna anga.

"Ndili pantchito, dikirani ndi..."

"Ndati vulani! Mwana akutha tikuona, inu muli kalikiliki kupikisana naye. Mwapambana chiyani dzulo? Tayang'anani chimene mwapambanacho!"

Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati wathu ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu. Anzanga onse anasiya ntchito n'kumayang'ana. Ndinavula epuloni, ufa uli mbuu m'mikono, n'kuwatsatira.

Kuchipatala tinakumana ndi namwino wina wamfupi, wolankhula mosathamanga. Anamukweza mwana pasikelo, anamuyeza kutalika, n'kuyerekeza ndi zimene zinalembedwa kale m'buku lake lachipatala. Anamutsitsa chikope n'kuyang'ana mkati, anamugwiragwira pamimba. Kenako anakokera mpando pafupi ndi mwanayo.

"Tandiuza, mwanawe. Ukadya umamva bwanji?"

"Palibe chimene amamva," ndinalowerera ine. "Ndi mwano basi. Kwa eni amadya, kwathu..."

"Mayi," anandidula anamwino, "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musiyeni ayankhe yekha."

Mwana anandiyang'ana kaye ine, kenako bambo ake. Anayankha motsitsa mawu kuti akadya kunyumba m'mimba mumalira, mumatupa, mumapota, kenako amatsekula. Anati amakhala wotopa ngakhale atagona bwino, ndipo masitepe a kusukulu amawakwera mopumira. Anati kwa atelala zimenezi sizichitika.

Anamwino anatenga pepala n'kulemba mzere pakati. Mbali ina analemba zimene mwana amadya, mbali ina zimene amakana. Atafika pa nyemba anaima.

"Nyemba za aneba anu amadya, zanu amakana. Zikusiyana pati?"

"Zanga ndi zokoma kuposa zawo."

"Sindikukana. Mumathiramo chiyani?"

"Anyezi, tomato, mchere, mafuta. Mmene aliyense amaphikira."

"Nenaninso za chitini chija," anatero amuna anga.

Ndinawayang'ana ndi diso loti tikaonana kunyumba. Koma mawu anali atatuluka kale, ndiye ndinafotokoza zonse, mpaka monyadira, kuti aone kuti ine si mayi wolekerera mwana. Anamwino sanandiyamikire. Anangofunsa kuti nyenyeswazo ndinayamba liti kuthira m'mazira. Ndinati mwezi umene anayamba sukulu.

"Nanga mazira okazinga anasiya liti?"

Unali mwezi womwewo. Anafunsa za nyemba, yankho linali lomwelo. Anafunsa za nsomba, chimodzimodzi. Chakudya chilichonse chimene mwanayo ankachikhulupirira, ine ndinkachilowerera ndi chitini changa, iye n'kuchisiya. Zosenda yekha zija anazisankha chifukwa ndi zokhazo zimene dzanja langa silinkafikamo.

M'malo mogonja, ndinapsa mtima. "Mukufuna kunena kuti buledi wanga ndi woipa? Anthu mazanamazana amadya buledi ameneyu tsiku lililonse, palibe amene anabwera kudzadandaula!"

"Buledi wanu alibe vuto, mayi. Inenso ndimadya buledi m'mawa uliwonse. Koma alipo anthu ena amene matupi awo sagwirizana ndi zakudya zina. Ena ndi mkaka, ena ndi mazira, ena ndi tirigu. Inu ndinu wophika buledi. Mukakanda ufa wa tirigu, n'chiyani chimachititsa kuti mtanda uzitamuka osaduka?"

"Gulateni," ndinayankha. Ameneyo ndimamudziwa bwino, ndi amene timamufuna kuti buledi afufume.

"Ameneyo kwa anthu ena amawononga matumbo. Matumbo akawonongeka satha kuyamwa chakudya. Munthu amadya koma thupi silipindula. Mwana amasiya kukula, magazi amachepa, mimba imatupa. Ndipo mwana sadziwa kufotokoza zonsezi. Chimene amadziwa n'chakuti akadya chakuti amamva kupweteka, ndiye amakana. Sindikunena kuti ndi zimenezi ndithu, ndikungokayikira. Tiyenera kumuyeza magazi, ndipo ndikulemberani kalata kuti mukaonane ndi adokotala a ana kuchipatala chachikulu."

Nthawi yonseyi ndinali nditaiwala kuti mwana ali pomwepo ndipo akumva. Anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala.

"Amayi, munkathira buledi m'zakudya zanga?"



"Ndinkakuuzani kuti mukupweteka," anapitiriza. Sananene mokalipa, ndipo bola akanakalipa.

Ndinauza anamwino kuti ndikakafika kunyumba nditaya chitini chija ndi buledi yense, ndipo mwanayu sadzalawanso tirigu kuyambira lero.

"Chitinicho katayeni, zobisa zithe," anatero. "Koma tirigu musamusiyitse kaye. Mukamusiyitsa asanamalize kuyezedwa, zotsatira zikhoza kuonetsa ngati alibe vuto pamene ali nalo. Muzimupatsa kagawo ka buledi m'mawa uliwonse mpaka adokotala atanena. Muzimupatsa poyera, iye akudziwa chifukwa chake."

"Mukuti chiyani? Mwangondiuza kumene kuti mwina chikumupweteka n'chimenechi, ndiye ndikamupatsenso ndi manja anga?"

"Kwa masiku ochepa, inde. Mukangoganizira nokha, mukhoza kumumana chakudya chimene alibe nacho vuto, matenda enieni n'kutsala osadziwika. Akafooka kwambiri kapena akayamba kusanza, musadikire tsiku la kalata, bwerani naye msanga."

Kenako anatembenukira kwa mwana n'kumufotokozera yekha, pang'onopang'ono, mpaka anavomera ndi mutu. Pobwerera kunyumba mwanayo anayenda mbali ya bambo ake. Nditamutambasulira dzanja powoloka msewu, analowetsa lake m'thumba.

Milungu iwiri imene tinadikira tsiku la kalatalo inali yowawa kuposa zaka zitatu zija. M'mawa uliwonse ndinkadula kagawo ka buledi n'kukaika pambale. Iye ankadya mwakachetechete ngati akumwa mankhwala, osandiyang'ana. Ndinali wokwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira alamu anga ndi malangizo awo a njala. Ndinakwiyira amuna anga chifukwa chokhala chete zaka zonsezi chitini akuchiona. Ndinakwiyira atelala chifukwa choona zimene ine mayi wake sindinaone. Koma ndikatsala ndekha kukhitchini ndinkadziwa bwino amene ndinamukwiyira kwenikweni. Mwana anandiuza zoona tsiku lililonse kwa zaka zitatu, ine n'kumamutcha wabodza.

Kuchipatala chachikulu anamuyezanso, ndipo adokotala anatsimikiza. Anati matendawa amatchedwa siliyaki. Anati si opatsirana, si olodzedwa, ndipo sanayambe chifukwa cha kaphikidwe kanga, ngakhale kuti nyenyeswa zija zinkawakolezera. Mankhwala ake ndi amodzi: kusiyiratu tirigu, balere ndi mbewu zina za mtundu umenewo kwa moyo wake wonse. Anatipatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kutitumiza kwa mlangizi wa zakudya. Iyeyo anatilembera zimene mwana angadye, ndipo zinali zambiri kuposa mmene ndinkaopera: mpunga, chimanga, mbatata, nyemba, nyama, nsomba, mazira, masamba ndi zipatso zonse.

Khitchini yanga inasintha. Mwana anakhala ndi thabwa lake lodulirapo, sefa yake ndi chikombe chake. Buledi wa bambo ake tinayamba kumusunga m'chidebe chotseka, ndipo mpeni wa buledi sukhudza china chilichonse. Ine ndikaweruka ndimasintha zovala kuntchito komweko n'kusamba mpaka m'zigongono. Kusitolo ndinaphunzira kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pamapaketi, ndipo ndinadabwa kupeza tirigu m'masoseji ndi mu supu wa m'mapaketi momwe. Bambo ake anapita kusukulu kukafotokozera aphunzitsi. Ine ndinapita kwa atelala.

"Aneba, ndabwera kudzapepesa. Ndinakulankhulani zachipongwe m'nyumba mwanu."

"Zinapita ndi mphepo zimenezo," anatero osaimitsa makina. "Koma udokotala ndausiya, malipiro ake ndi kutukwanidwa."

Chovuta kwambiri sichinali mapaketi kapena mipeni. Mwana anali atasiya kukhulupirira mphika wanga. Ngakhale nditalumbira kuti mulibe kanthu, ankanunkhizabe. Mlangizi uja anandiuza kuti ndisamukakamize, koma ndizimuitana pophika. Ndiye ndinkamuimika pambali panga, chilichonse cholowa mumphika chizidutsa m'manja mwake. Mchere ankathira yekha, anyezi ankaponyamo yekha. Mlungu woyamba ankangolawa sipuni imodzi n'kudikira. Sindinamukakamize, ngakhale lilime linkandiyabwa.

Tsiku lina alamu anga aja anabwera ndi keke. Ndinawafotokozera zonse bwinobwino. Nditangolowa kukhitchini kukatenga makapu, ndinamva akunong'ona pabalaza.

"Tenga kachidutswa aka, mayi ako asaone. Kamodzi sikapha munthu. Matenda a masiku ano ndi ongopeka, ife tinakula tikudya chilichonse."

Ndinatuluka ndi makapu m'manja. Mwana anali atabisa manja kumbuyo, akupukusa mutu.

"Alamu, bwezani kekeyo m'bokosi."

"Iii, alamu, ndimangomuyesa."

"Mwana wanga si woyesera. Munandiuza kuti ndimugoneke ndi njala, ine wopusa ndinatsala pang'ono kumvera. Lero mukufuna kumupatsa chimene adokotala aletsa, mobisa, m'nyumba mwanga? Kachidutswa kamene mukuti sikapha munthuko mukabweretsa inu, koma wogona chopinda ndi mimba akhala iyeyu, inu muli kwanu. M'nyumba muno zobisira mwana m'chakudya zinatha. Ndinayamba ndine, ndipo ndathetsa ndine."

Alamu anayang'ana mchimwene wawo kuti awathandize. Amuna anga anangonyamula bokosi la keke n'kukaliika pafupi ndi chikwama cha alamuwo. Tiyi tinamwa wopanda nkhani zambiri. Alendo atapita, mwana anabwera kukhitchini n'kuima pafupi nane, phewa lake likukhudza mkono wanga. Aka kanali koyamba kundiyandikira yekha chichokereni kuchipatala kuja.

Patatha miyezi inayi tinapitanso kukamuyeza. Sikelo inakwera ndi makilogalamu atatu, mimba inaphwa, magazi anabwerera. Anamwino aja anamuuza kuti atambasule mkono, anautsina pang'ono n'kunena kuti tsopano muli kanthu kogwira. Kusukulu anayamba kuthamanga ndi anzake.

Lamlungu lotsatira tinaphika limodzi mbatata, nkhuku ndi masamba. Anadya mbale yonse popanda womuuza. Atamaliza sanachoke patebulo. Anakhala phee, dzanja lili pamimba, ngati akumvetsera chinachake chakutali.

"Bwanji? Mukupweteka?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndikudikira, koma sizikubwera." Kenako anafunsa, "Amayi, kodi inu mukadya mumamva chonchi masiku onse? Osapweteka?"

"Inde, mwanangu. Anthu amamva choncho."

"Ine ndinkaganiza kuti aliyense akadya m'mimba mumapweteka. Ndinkaganiza kuti inu nonse ndinu olimba mtima, wamantha ndine ndekha."

Bambo ake anadzuka n'kutuluka panja, ati kukaona njinga yawo. Ine ndinakhala pomwepo n'kulira, mwana akundisisita pamsana, iye amene ndinkayenera kumusisita ine zaka zitatu zapitazo.

Makolo anzanga, ndalemba izi ndidakali wokwiya ndi zimene ndinachita, kuti inu musazichite. Si mwana aliyense wosankha zakudya amene akudwala. Ambiri amasankha kwa kanthawi n'kusiya okha. Koma ngati mwana akukana zakudya zambiri, ndipo akuonda, sakukula, akutupa mimba, akutsekula kapena kudzimbidwa kawirikawiri, akutuluka zidzolo kapena akungokhala wofooka, amenewo si matama. Musamumenye, musamugoneke ndi njala, ndipo musamubisire m'mbale chimene wakana. Lembani zimene wadya ndi mmene wamvera pambuyo pake, mupite nazo kuchipatala. Musamusiyitse chakudya chilichonse mongoganizira achipatala asanamuyeze. Ndipo mwana akakuuzani kuti m'mimba mukupweteka, yambani mwamukhulupirira.